Msomali wa Maadiresi Okanidwa

Chisomo, Dalitso ndi iwe Nelia, tsiku lija munandikonzera phwando lopuma pantchito, Nelia unaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti amayi ako ndi munthu wolimba mtima amene analolera kuchotsedwa ntchito ndi kutaya nyumba ya ku Woodlands chifukwa chokana chinyengo. Anthu anawomba m'manja, azimayi a kutchalitchi anaimba nthungululu, ine ndinangoti zyoli, inu n'kumati amayi akudzichepetsa. Sikunali kudzichepetsa ayi, anali manyazi. Nkhaniyo mumaidziwa mbali imodzi, mbali yokomayo, chifukwa ndi yomwe ndinakuuzani muli ana. Tsopano nthawi ndili nayo, maso akadaona, ndiye ndati ndilembe yonse. Muli anthu awiri m'menemu oti muwadziwe bwino. Oyamba ndi Ba Musonda, bwana wanga wakale, amene ndikangomva dzina lawo mpaka lero mtima umandiwira. Achiwiri ndi Ba Njobvu, amisiri aja anawotcherera geti lathu la ku Kabwata, amene ntchito inawadutsa pakamwa chifukwa cha mzere umodzi umene ndinalemba ndi zala zangazi.

Chaka chomwe ndinayamba ntchito

Ntchito yanga yoyamba inali yotayipa makalata pasitolo ina yaikulu ya ku Emmasdale, yogulitsa malata, penti ndi misomali. Tinalipo atsikana atatu m'kachipinda ka kuseri, ndipo wotiyang'anira anali Ba Mbewe, mayi wamfupi wa magalasi omangirira ndi chingwe, wosadziwa kuseka. Zinali zaka zija chilichonse chinkasowa mu Lusaka muno. Riboni ya taipilaita unkatha kuzungulira tauni yonse osaipeza, moti yakale yomweyo tinkaibweza ndi pensulo n'kuipaka inki ya chidindo, zala n'kumakhala zakuda mlungu wonse, ngakhale pa Sabata kutchalitchi. Pepala la kaboni tinkaligwiritsa ntchito mpaka kumaonera dzuwa mkati mwake. Koma chomwe chinandilowa m'magazi kumeneko ndi msomali. Ba Mbewe anatenga msomali waukulu m'sitolo momwemo n'kuukhoma pakhoma, ndipo lamulo linali lakuti pepala lililonse lomwe walakwitsa usalitaye, ulibaye pamsomalipo. Lachisanu masana ankawazula onse n'kumawawerenga limodzilimodzi ife titaimirira ngati ana a sukulu. Tinkadana nawo mayi amenewo, akatembenuka tinkawatcha Ba Msomali. Iwo ankati pepala labwino silikuuza kanthu, lopita m'bini ndi lomwe limadziwa pomwe pali vuto. Ndipo zoonadi, ndi pamsomali pomwepo anatulukira kuti taipilaita ya mnzanga Agness inali ndi chilembo chomata, mtsikanayo atakalipiridwa miyezi itatu pamlandu wa makina. Ba Mbewe anamupepesa ife tikuona, ndipo kanali koyamba ine kuona bwana akupepesa wantchito.

Chaka chomwe Dalitso anabadwa

Kompyuta yoyamba ndinaigwira nditabwerako kutchuthi cha uchembere, pa ofesi ina ya inshuwalansi ya mumsewu wa Cairo komwe ndinasamukira. Inkafunditsidwa nsalu tikamaweruka, ndipo woivundukula m'mawa anali bwana yekha. Azibambo a mu ofesimo ankati ine yanga ndi kulowetsa mayina basi, zolemba mapulogalamu ndi za amuna a ku yunivesite. Zimenezo zinandinyansa. Ndinabwereka buku kwa amalume anu, ndinalifotokopa tsamba ndi tsamba, ndipo popeza kwa ife a Sabata Lamlungu ndi tsiku lantchito, Lamlungu lililonse ndinkakwera minibasi kupita ku Chelstone kukaphunzira m'galaja ya mkulu wina amene anali ndi makompyuta anayi. Magetsi akazima tinkalemba mapulogalamu m'kope n'kumadikira. Abambo anu ankanditonza kuti ndakwatiwanso ndi makina. Zinatenga zaka, koma pamene intaneti inkafika m'maofesi ine ndinali nditadziwa kale kupanga mawebusayiti ndi mafomu ake, ndipo azibambo omwe aja ankabwera padesiki panga ndi timawu tofewa.

Apa ndikufotokozereni chinthu chimodzi, chifukwa popanda icho nkhaniyi simuimva. Munthu akamalemba fomu pa intaneti, pamakhala bokosi la adiresi ya imelo. Anthu amalakwitsa. Ena amaiwala chizindikiro chija cha @, ena amasiya mpata pakati, ena amalembamo nambala ya bokosi lawo la kupositi. Tsono wolemba pulogalamu amaika mzere umodzi wa zizindikiro umene timautcha rejekisi, ndipo ntchito yake ndi kuyang'ana ngati zomwe zalembedwazo zikuoneka ngati adiresi. Wanga woyamba ndimaukumbukirabe pamtima:

^[^@ ]+@[^@ ]+\.[^@ ]+$

Musaope, si ufiti. Ukungonena kuti poyamba pakhale zilembo zopanda mpata, kenako chizindikiro chimodzi cha @, kenako dzina la kampani yosunga makalatawo, kenako kadontho, kenako zilembo zomalizira, basi zathera pomwepo. Rejekisi siidziwa ngati mwini adiresi ali moyo, ngati ndi mbala kapena m'busa. Imangoona kaonekedwe, ngati mlonda wa pageti amene anauzidwa kuti aziyang'ana nsapato zokha. N'chifukwa chake ine sindinkaikhulupirira kwenikweni, ndipo fomu iliyonse yomwe ndinapanga ndinkaiikira kafayilo kobisika kolemba adiresi iliyonse yomwe rejekisi yakana, ndi nthawi yake. Kafayiloko ndinkakatcha msomali. M'mawa uliwonse ndisanamwe tiyi ndinkakatsegula kuti ndione ngati wokanidwayo analakwitsadi kapena wolakwa ndine. Anzanga pantchito ankandiseka kuti ndimasunga zinyalala, koma sankavutika nazo poti sizinkadya malo a munthu.

Chaka chomwe tinasamukira ku Woodlands

Ba Musonda anachita kundilondola okha atamva za ntchito yanga. Anali ndi kampani yopezera antchito mafakitale ndi masitolo, pansanjika yachitatu ya nyumba ina ya pakati pa tauni. Ankakhala ku Kabulonga kwa olemera, ankanunkhira bwino, msonkhano uliwonse ankauyamba ndi pemphero lalitali, ndipo ankandipatsa moni wa Chibemba wa "Shani, ba Mvula" ngati ndife pachibale. Nyumba ya ku Woodlands ija, ya mpanda ndi mtengo wa mapeyala womwe Dalitso anathyokerapo dzanja, inali ya kampani imeneyi. Ndikunena izi kuti mudziwiretu chomwe chinadzanditseka pakamwa. Zaka zinayi zoyambirira ndinalibe nawo chifukwa. Ndinawapangira webusayiti yoti ofuna ntchito azilembetsapo, ndipo iwo anakondwa nayo mpaka analamula kuti makalata a pamanja asamalandiridwenso, aliyense azidutsa pafomu.

Chaka chomwe Chisomo ankalemba mayeso a giredi 12

M'nyengo yachisanu chaka chimenecho, fakitale ina yatsopano ya ku Heavy Industrial Area inatipempha kuti tiipezere akapitawo oyang'anira owotcherera zitsulo ndi okonza makina. Chilengezo chinali choti chituluke m'nyuzipepala Lolemba, kulembetsa kutsekedwe Lachisanu nthawi ya 17, yomwe ndi 5 koloko madzulo. Chisanatuluke, Ba Musonda anandiitana mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko. Anati atopa ndi kuwerenga mapepala a anthu ongoyendayenda m'tauni, ndipo eni fakitale akufuna akapitawo amene ali kale pantchito kwina, osati okhala pakhomo. Kulemba zimenezo m'nyuzipepala sakanatha, anthu akanadandaula ndipo ena akanayamba kufunsa mafunso. Ndiye anapeza nzeru. Kapitawo amene ali pantchito amakhala ndi imelo ya kampani yake, pomwe lova amakatsegula imelo yaulere kukafe ya intaneti.

"Manje imwe mufake chabe kantu mu kamzele kanu kaja," anatero, "kuti maimelo ya mahala kaziyakana keka."

Ndinawafunsa kuti nanga fomuyo iziwauza chiyani anthuwo. Anati izinena zomwe imanena masiku onse, kuti adiresi yanu ndi yolakwika, yesaninso. Ndinawauza kuti limenelo ndi bodza, maadiresiwo alibe vuto, ndipo wofuna ntchito ndi amene alibe ntchito, tsono tikufuna bwanji kuti abwere ndi imelo ya kuntchito? Anaseka kuseka kwa munthu wokhuta, n'kunena kuti ine ndine wa makompyuta, za bizinesi ndiwasiyire eni ake. Kenako anafunsa ngati denga la ku Woodlands linasiya kudontha, chifukwa mkulu wina watsopano pakampani akufunafuna nyumba chakumeneko. Sanawonjezerenso china. Abale inu, munthu wopemphera mpaka kutuluka thukuta! Ndinatuluka, ndinakafika padesiki panga, ndipo ndinalemba. Sizinatenge ndi mphindi khumi zomwe. Ndinawonjezera kachidutswa pambuyo pa @ konena kuti ngati chotsatira ndi dzina la makampani aja opereka imelo yaulere, ukane. Ndinayesa, zinagwira bwinobwino, ndipo ndinadziuza kuti mlandu ndi wa wolamula.

Msomali sindinauchotse, ndipo ndi womwe unandisowetsa mtendere. Kale m'kafayilo kaja munkagwa maadiresi awiri kapena atatu patsiku, olakwikadi. Mlungu umenewo ndinkati ndikatsegula, mndandanda wake wosatha, ndipo pafupifupi onse olembedwa bwino. Chopweteka n'chakuti ukamawerenga msomali umaona maganizo a wolembayo. Wina ayesa kamodzi, akanidwa. Ayesanso, akanidwa. Asintha zilembo kukhala zazikulu, achotsa kadontho, akabwezera, ndipo patapita theka la ola atulukira ndi adiresi ina yatsopano ya dzina lomwelo, kusonyeza kuti wakatsegula ina poganiza kuti yoyamba ija inafa. Sindinaonepo chizindikiro choti wina wakayikira fomu. Anthu athu akakanidwa ndi makina amayamba adzikayikira okha, ndipo Ba Musonda ankadziwa zimenezo bwino lomwe.

Lachiwiri m'mawa ndinaona dzina lomwe ndinkalidziwa. Ba Njobvu anali oyandikana nafe ku Kabwata tisanasamuke. Anagwira zaka zambiri ngati kapitawo wa owotcherera pafakitale ina mpaka inatsekedwa, ndipo kuchokera pamenepo ankangopanga mageti ndi mbaula panja pa nyumba yawo ndi kamakina kamodzi. Bedi lachitsulo lomwe Nelia unagonapo mpaka kupita kukoleji anapanga ndi iwo, ndipo anakana kulandira kanthu poti anati ndi mphatso ya mwana. Ntchito ya m'chilengezo ija inali ngati anachita kuwayeza thupi n'kuwasokera. Lachiwiri lokhalo adiresi yawo ndinaiwerenga pamsomali kasanu ndi kawiri.

Lachitatu masana mlembi wa pakhomo anandiimbira kuti pali bambo wina akundifuna. Ndinawapeza ataimirira pakhonde la ofesi, atavala ovolosi yochapidwa bwino, envulopu ya masatifiketi ili m'khwapa, chipewa chili m'manja. Anayamba ndi kupepesa kuti andisokoneza pantchito. Anati akhala akupita kukafe ya pamsika wa Kabwata masiku atatu, mayi wa pakafepo wawathandiza mpaka naye wagwa ulesi, ndipo atakumbukira kuti kampani yake ndi yomwe ndimagwirako anati abwere adzafunse. Anatulutsa kapepala kopindapinda pomwe analembapo adiresi yawo ndi zilembo zikuluzikulu za munthu wozolowera kulemba ndi choko pachitsulo.

"Bamake Chisomo, niyanganileniko apa," anatero. "Nalakwisa pati? Ine vintu ivi sinivizibisisa."

Ndinakayang'ana kapepalako nthawi yaitali ngati ndikufufuzadi. Chitseko cha Ba Musonda chinali chotsegula, ndipo ndinkawamva akuseka pafoni. Ndikanatha kuwanong'oneza Ba Njobvu zoona. Ndikanatha kulandira envulopuyo n'kulowetsa dzina lawo ndi manja anga, koma Ba Musonda ankayang'ana mndandanda tisanaweruke, ndipo imelo yaulere imodzi pakati pa enawo ikanaonekera patali. Ndinaganiza za mayeso a Chisomo, za mpanda, za mtengo wa mapeyala. Amati safunsa anadya phula, koma bambo amenewa anafunsa, ndipo phulalo ndinawadyetsa ndine. Ndinawauza kuti mwina makompyuta a kukafe ndi akale, kapena mwina akumadina chilembo china osazindikira, apite akayesenso modekha. Anathokoza kawiri konse n'kupinda kapepala kawo. Akutsika masitepe ananena kuti izi zikakanika angomvera alamu awo amene akhala akuwaitanira kumunda ku Petauke, chifukwa tauni yawakana.

Lachinayi adiresi yawo inagwa pamsomali katatu m'mawa, kenako sinaonekenso. Nditaweruka ndinawauza abambo anu zonse tili kukhitchini, inu mukuonera wailesi yakanema. Mukuwadziwa abambo anu, munthu wa mawu owerengeka. Anangondifunsa ngati mawa dzuwa likamalowa ndidzatha kuimba nyimbo yotsegulira Sabata ndi pakamwa pomwe ndinayankhira Ba Njobvu. Ndinawakalipira, ndinati kulankhula n'kosavuta poti wopirikitsidwa si iwo, ndipo ndinamenyetsa chivundikiro cha poto mpaka Nelia unasuzumira. Iwo anangoti ku Kabwata tinakhalako kale ndipo sitinafe.

Lachisanu ndinafika ku ofesi nthawi ya 7, osesa asanamalize. Ndinachotsa kachidutswa kaja, rejekisi inabwerera mwakale, ndipo ndinatumiza uthenga ku adiresi iliyonse ya pamsomali wonena kuti vuto linali la fomu, yakonzedwa, lembetsani isanakwane 17. Kenako ndinaimba foni ya Ba Njobvu. Anayankha munthu wachilendo amene anati foniyo waigula dzulo pamsika. Nthawi ya nkhomaliro ndinakwera minibasi ya ku Kabwata, ndinathamanga ndi nsapato za gogoda ngati wamisala, ndipo ndinakapeza loko pachitseko. Mayi woyandikana nawo anati makina owotcherera anagulitsa dzulo masana, ndipo banja lonse lakwera basi ya m'mamawa ya ku Petauke. Pomwe pankakhala makinawo panali padakali tizidutswa ta zitsulo ndi dothi lakuda lopserera. Ndinabwerera ku ofesi. Pofika 17 anthu ambiri a pamsomali anali atalembetsa, kupatula mmodzi yemwe ndinkamufunayo.

Lolemba lotsatira

Lachisanulo Ba Musonda anali kumsonkhano wa amalonda, ndiye zonse anadzazipeza Lolemba. Anandiitana, ndipo ulendo uno chitseko anachisiya chotsegula kuti onse amve. Ndinalowa nditanyamula msomali wonse, nditausindikiza papepala, n'kuwaikira patebulo. Anafunsa kuti anandiuza ndani kusunga zinyalala zimenezo. Ndinawayankha kuti si zinyalala, ndi anthu, ndipo aliyense wa iwo tinamunamiza kuti satha kulemba ndi dzina lake lomwe. Ndinawauza kuti ngati safuna malova alembe zimenezo m'nyuzipepala ndi dzina lawo m'munsi, asabisale kuseri kwa mzere wanga. Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo, zina si zolembera ana. Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'chakuti munthu uja sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anayang'ana wotchi, anati ndaipitsa dzina la kampani kwa makasitomala, n'kutulutsa kalata yomwe inali italembedwa kale. Kalatayo inati ndachotsedwa chifukwa cha kusamvera ndi kuwononga pulogalamu ya kampani. Kuwononga! Ine amene ndinaibweza momwe inalili ndiye wowononga, iwo amene anaisandutsa msampha ndiye okonza. Nyumba anatipatsa mwezi umodzi, ndipo Chisomo analemba mayeso ake tikukhala m'zipinda ziwiri kwa azakhali anu ku Kabwata, mabuku ali pamwamba pa makatoni. Ndinamva kuti mlungu usanathe anapeza munthu wina amene anabwezera kachidutswa kaja, ndipo ameneyo msomali sanasunge. Ngati mwa anthu olembetsa Lachisanu lija alipo amene anaitanidwa, sindikudziwa, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti alipo.

Zaka zotsatira mukuzidziwa. Ndinayamba kupangira mawebusayiti timasukulu ndi tizipatala tating'ono, kenako ndinalowa pakoleji ija ndapumira. Kulikonse komwe ndinapita rejekisi yanga inali yaifupi, yongogwira woiwala @ kapena kadontho, ndipo zotsalazo ndinkasiyira uthenga womwe fomu imatumiza ku adiresiyo kuti mwini ayankhe. Bwana aliyense wondipempha kuti ndiwonjezeremo zokana anthu ndinkamuuza alembe pempholo papepala n'kusaina, ndipo palibe amene anasainapo. Ba Musonda akadalipo, ndimamva kuti tsopano amaitanidwa kukalankhula kwa achinyamata za kukhulupirika pantchito. Ndikaona chithunzi chawo m'nyuzipepala ndimaiyalira pansi posenda mbatata.

Chaka chatha, kumaliro ku Chelstone

Ba Njobvu sindinawaonenso mpaka chaka chatha, patangopita miyezi iwiri chichitikireni phwando lija, pamaliro a mayi wina amene tinkakhala naye ku Kabwata kalekale. Titabwerako kumanda, tikusamba m'manja pageti, ndinamva munthu akuitana bamake Chisomo. Anali atakalamba, maso atachita nkhungu, manja atasanduka a mlimi. Tinakhala pabenchi kumbali kwa tenti ya azibambo. Anafunsa za inu mmodzimmodzi, ndi mayina omwe. Anati kumunda anazolowera, chimanga chimapezeka, koma chitsulo sanachigwirenso. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti pali chinthu chomwe chakhala chikuwavutitsa zaka zonsezi. Anamva kuti ndinachotsedwa ntchito mwezi womwe uja, ndipo akhala akuganiza kuti anandichotsetsa ndi iwo, chifukwa anabwera ku ofesi ya anthu ophunzira atavala ovolosi n'kundichititsa manyazi pamaso pa abwana. Anandipepesa, ine. Anawonjezera akuseka kuti kwawo mpaka lero ndi nthabwala, akazi awo ndi ana akafuna kuwacheza amati atate analephera kulemba ndi adiresi yawo yomwe, ndipo mafoni amakonowa iwo sawagwira n'komwe, amaopa kuwononga.

Ana anga, ndinalakalaka nthaka itang'ambika kuti ndilowe. Ndinawauza zonse, za Ba Musonda, za kachidutswa, za msomali, ndi za Lachitatu lija, kuti pamene ndinkayang'ana kapepala kawo ndinkadziwa kuti palibe cholakwika ndipo ndinawabweza dala. Anatembenuka n'kumayang'ana anthu amene anali pamzere wa chakudya. Ndinkayembekezera kuti anditukwane, ndipo akanatero zikanandipepukira.

"Manje nenze nalemba bwino?" anafunsa.

"Munalemba bwino, ba Njobvu."

"Kuchokela ulendo woyamba?"

"Woyamba womwe."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kupukuta maso ndi chipewa. Sanati ndakukhululukirani, ndipo ine sindinawapemphe. Anangoloza kunyumba ya maliro komwe kunali akazi awo pamodzi ndi azimayi ena.

"Bamake Joseph bali mukati muja," anatero. "Yendani mukabauzeko na beve. Ine sibanganimvele."

Ndinaimirira, ndinamanga chitenje, ndinavula nsapato pakhomo n'kulowa. Ndinagwada pafupi ndi akazi awo pakati pa azimayi odzaza chipinda, ndipo ndinanenanso zonse kachiwiri, mokweza, poti makutu a mayiwo anayamba kuvuta.

Tsono Nelia, ukadzaimiriranso pagulu kunena za amayi ako, usadzayambire Lachisanu. Udzayambire Lachitatu.